Kompyuta ndi bwalo la Phombeya: mmisiri wa magetsi aphunzire kuti?

Ku Phombeya, m'boma la Balaka, kuli malo aakulu ogawira magetsi a ESCOM, omwe anamangidwa ndi thandizo la Millennium Challenge Corporation ya ku America pa mgwirizano womwe unatha mu 2018. Nthambo zochoka kumeneko kupita ku Nkhoma zinamangidwa kuti zizinyamula mavolti 400,000, pomwe pa soketi ya m'nyumba pamakhala 230 okha. Nthambo zochokera ku Matambo, ku Tete, nazonso mathero ake ndi pomwepo. Malo otere amafuna amisiri, ndipo njira zowaphunzitsira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi ya pa kompyuta. Mapulogalamu monga ETAP ndi PowerWorld amalola wophunzira kujambula makina opangira magetsi, mathiransifoma ndi nthambo, n'kumazisinthasintha mmene wafunira. Taganizani wophunzira wa ku MUBAS amene akufuna kumvetsa ntchito ya Kamuzu Barrage ku Liwonde, yomwe kuyambira mu 1965 imawongolera madzi a Shire opita ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Pa kompyuta atha kuchepetsa mphamvu ya Nkula ngati kuti madzi aphwera, n'kuona liwiro la magetsi la 50 Hz likutsika, makina otetezera akuyamba kudula madera ena. Atha kugundanitsa nthambo dala, kuwotcha thiransifoma kakhumi, popanda wovulala kapena mudzi wogona mumdima. Amaonanso ndi maso chifukwa chake mavolti amakwezedwa chonchi: akakwera kawiri, mphamvu yotayika m'nthambo ngati kutentha imatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Mphunzitsi wa choko angalembe zimenezi pa bolodi, koma sangazisunthe.

Vuto lake n'lodziwika. Ambiri mwa mapulogalamuwa amagulidwa ndi madola, ndipo kompyutayo imafuna magetsi omwewo amene amatizimirazimira.

Njira yachiwiri ndi yoima m'bwalo la nthambo, chipewa cholimba kumutu, pambuyo pa mmisiri wamkulu. Kumeneko munthu amaphunzira kuti magetsi a mavolti 400,000 sadikira kuti uwakhudze, amalumpha mumpweya n'kukupeza ukangoyandikira mopitirira malire. Amaphunzira kuti nthambo yozimitsidwa itha kukhalabe ndi mphamvu yotengera ku inzake yoyandikana nayo, n'chifukwa chake imayamba yayezedwa ndi kulumikizidwa kunthaka munthu asanaigwire, ndipo palibe woyamba ntchito wopanda chikalata cha chilolezo. Dzuwa la Okutobala la ku Balaka limalendeweretsa nthambo, utsi wa moto wolusa umathandiza magetsi kulumpha. Zonsezi zimalembedwa m'mabuku, koma mantha oyenera amalowa m'thupi pamene wamva nthambo zikulira pamwamba pako.

Komabe bwalo nalo limabisa zambiri. Wophunzira angathe miyezi yambiri osaonako ngozi ndi imodzi yomwe, chifukwa palibe angamuzimitsire dziko kuti aphunzire. Amatola mwambo wa ntchito, zifukwa zake n'kumupita.

Ine ndimaika kompyuta patsogolo, chifukwa ndi kokhako kumene kulakwitsa sikupha, ndipo ophunzira ambiri atha kuphunzira nthawi imodzi. Koma satifiketi ya magetsi amphamvu chonchi isaperekedwe kwa munthu amene sanagwirepo ntchito m'bwalo ngati la Phombeya moyang'aniridwa ndi mmisiri wodziwa.