Kuperewera kwa michere m'thupi la khanda limene lili pa zakudya zapadera

Makanda ena amabadwa ndi matenda akumtundu amene amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito zinthu zina zopezeka mu mkaka. Wodwala galactosaemia amavulazidwa ndi shuga wa mu mkaka, ngakhale wa m'mawere, choncho amapatsidwa mkaka wa makanda wopangidwa ndi soya. Wodwala phenylketonuria amayamwa mwa muyezo, n'kuwonjezera mkaka wapadera wopanda phenylalanine, yomwe ikachuluka m'magazi imawononga ubongo.

Vuto limayamba bwanji?

Kusala zakudya kumateteza mwana, koma kumachotsanso michere yofunika. Pa galactosaemia, kashiamu ndi vitamini D zimatha kuchepa, makamaka mwana akayamba phala pa miyezi 6 n'kuchepetsa mkaka wake, ndipo mafupa amafooka. Pa phenylketonuria, thupi limafunabe phenylalanine pang'ono kuti likule. Ikachepa kwambiri, mwana amanyentchera. Akapanda kumaliza mkaka wapaderawo, angasowenso ayironi, zinki ndi vitamini B12.

Pitani kuchipatala msanga mukaona izi:

- sikelo ya mwana siikukwera
- zidzolo kapena khungu losupuka
- tsitsi lothothoka
- zikhatho zotuwa ndi kufooka
- kukana kuyamwa kapena kusanza

Zoyenera kuchita

Sungunulani mkaka motsatira muyezo, osachulutsa madzi pofuna kuti chitini chikhalitse. Mkaka wa soya wa anthu akuluakulu sungalowe m'malo mwa wa makanda. Musaphonye masiku oyezetsa magazi ndi a sikelo, chifukwa muyezo umasintha mwana akamakula. Musasiye kuyamwitsa pokhapokha dokotala atakuuzani kutero.