Musanagule regulator yolowera pansi pa nyanja

Ukonde ukakodwa m'miyala kufupi ndi gombe la Dwambazi, m'bwato simusowa mnyamata wodziwika ndi mpweya wautali. Amakoka mpweya kamodzi, n'kumira, kukaukodola, kenako n'kuyandama ali wefuwefu. Lusoli n'lakale ndipo lapulumutsa maukonde ambiri. Koma chizolowezi chomwechi chogwira mpweya chikhoza kumupha mnyamatayo tsiku loyamba kubereka silinda kumsana, ngati palibe womulangiza.

Masilindawa sali kutali ndi anthu a kuno. Mukatsata msewu wa M5 kulowera kumpoto, ku Kande ndi ku Nkhata Bay kuli malo ophunzitsira kusambira pansi pa madzi, monga Aqua Africa. Kumwera, ku Senga Bay, kampani yomwe anayambitsa malemu Stuart Grant yakhala ikulemba anthu a m'mbali mwa nyanja kuti azigwira mbuna zamoyo zokagulitsa kunja. Wachinyamata akalowa ntchito yotere sachedwa kufuna zida zakezake, ndipo chida chimene moyo wake wonse umadalira ndi regulator.

Silinda yodzaza imakhala ndi mpweya wopanikizidwa kufika pa 200 bar, kuwirikiza ka 200 mphamvu ya mpweya tikupumawu. Palibe chifuwa chingalandire zimenezo. Regulator imagwira ntchito ngati ya pa silinda ya gasi wophikira, kungoti iyi imatsitsa mphamvuyo kawiri. Gawo loyamba, chitsulo chomangidwa pakamwa pa silinda, limaitsitsa kufika pafupifupi 10 bar pamwamba pa mphamvu ya madzi amene azungulira munthu. Gawo lachiwiri ndi lija amaluma pakamwa. M'kati mwake muli kampira kopyapyala. Munthu akakoka mpweya, kampirako kamabwerera m'kati n'kukankha kachitsulo kotsegula valavu. Akasiya kukoka, valavu imatseka yokha. Nzeruyi inachokera kwa Jacques Cousteau ndi injiniya Émile Gagnan ku France mu 1943, ndipo mpaka lero maziko ake ndi omwewo.

Ngozi ili apa. Pa mamita 10 pansi pa madzi, thupi limapanikizidwa kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamtunda; pa mamita 30, kanayi. Womira ndi mpweya wake wokha, mapapo amafwapa akamatsika n'kubwerera mwakale akamakwera, basi. Wa silinda ndi wosiyana. Regulator imadzaza mapapo ake ndi mpweya wopanikizika molingana ndi kuya kwa madzi. Akaugwira pa mamita 10 n'kuthamangira pamwamba, mpweyawo umakula kuwirikiza kawiri, mapapo amang'ambika, ndipo thovu likalowa m'magazi limatha kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Zimatheka ngakhale m'madzi osaya. N'chifukwa chake alangizi amayambira pa lamulo loti usagwire mpweya, ndipo wogulitsa wanzeru amayamba wafunsa chiphaso cha maphunziro.

Tsono yogula ndi iti? M'masitolo a ku Johannesburg ndi pa intaneti muli mayina monga Scubapro, Mares, Apeks ndi Aqua Lung, ina yotsatsidwa kuti siiuma m'madzi ozizira ngati ayezi. Ndalama zimenezo sungani. Madzi a nyanja yathu satsika pa madigiri 20, ngakhale mwera utavuta chotani mu Julaye. Mudzamvanso za regulator ya balanced, imene imapereka mpweya mofewa chimodzimodzi silinda ikakhala yodzaza ngakhale ikamatha. Ndi yabwino, makamaka kwa wotsika kwambiri. Koma wongoyamba kumene, amene chiphaso chake chimalekezera pa mamita 18, ya unbalanced imamukwanira. Ndi yotchipa, ili ndi tizigawo tochepa, ndipo malo ambiri ophunzitsira amaikonda chifukwa chopirira.

Chofunika kufunsa musanatulutse ndalama ndi kamangidwe. Pali ya yoke, yovekedwa pakamwa pa silinda n'kumangidwa ndi chikulungo kumbuyo, ndipo pali ya DIN, yolowa ndi mazinga m'kati mwa valavu. Pitani kumene muzikadzazitsa mpweya mukaone masilinda awo ndi maso anu. Musaiwale kuti chida sichinakwane popanda choluma chachiwiri, chija chachikasu chopatsira mnzanu mpweya ukamuthera, ndi geji yoonetsa mpweya wotsala.

Ine ndimaona kuti funso lalikulu kuposa dzina la kampani ndi lakuti adzaikonza ndani. M'kati mwa regulator muli timphira ndi tizitsulo timene timaperepeseka, ndipo opanga ambiri amati izitsegulidwa ndi mmisiri wophunzira chaka chilichonse kapena pa zaka ziwiri. Yodula yopanda wokonza pafupi imapambanidwa ndi yotchipa yomwe sipeya zake zimapezeka. Za pa kaunjika, zimene alendo amasiya kapena zotsatsidwa pa Facebook, musalowe nazo m'madzi mmisiri asanazitsegule. Ikamalira kuti fyiii itatsekedwa, ikamalowetsa madzi m'kamwa, paipi ikachita ming'alu, kapena muvi wa geji ukamagwa nthawi iliyonse mukakoka mpweya, ibwezeni. Madzi athu alibe mchere wodya zitsulo, komabe mchenga wa pagombe ndi dzuwa zimawononga: tsekani kachivindikiro ka gawo loyamba musanaitsuke, muiumitse pamthunzi.

Regulator siyeretsa mpweya. Ngati kompresa ya petulo ikukoka utsi wake womwe, silinda imadzaza ndi carbon monoxide, mpweya wakupha wopanda fungo. Kompresa yopopera matayala si yodzazira mpweya wopuma. Mpweya ukamanunkha mafuta, kapena mutu ukamawawa mukangotuluka m'madzi, silindayo isiyeni.

Palinso china chathu chathu. Nyanjayi ili pamtunda wa mamita oposa 450 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene matebulo ambiri owerengera nthawi ya pansi pa madzi amafuna kusinthidwa malo akapitirira mamita 300. Munthu akakhala pansi, nayitrojeni wa mu mpweya amasungunuka m'thupi mwake, ndipo amafuna nthawi kuti atuluke. N'chifukwa chake amakwera pang'onopang'ono n'kuima mphindi 3 pa mamita 5. Wotuluka m'madzi n'kukwera minibasi tsiku lomwelo kupita ku Mzuzu, komwe n'kokwera kupitirira mamita 1,200, akhoza kudzutsa thovu m'thupi. Zizindikiro zake ndi kuphwanya m'malo olumikizana mafupa, dzanzi, chizungulire ndi kufooka kwa miyendo, zomwe ena angaziyese malungo. Wotere asabwezedwe m'madzi. Agonekedwe, apatsidwe okosijeni ngati alipo, ndipo pofika ku chipatala cha Dwambazi kapena cha boma ku Nkhotakota, womuperekeza auze adokotala kuti wodwalayo anatsika mamita angati, anakhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo watuluka m'madzi nthawi yanji.