Jeke ya galimoto

Jeke ndi chipangizo chonyamulira mbali imodzi ya galimoto pofuna kusintha tayala kapena kukonza china chake kunsi. Ntchito ya jeke ndi kukweza basi. Siinapangidwe kuti izigwira galimoto m'mwamba munthu ali pansi pake, ndipo ngozi zambiri za pa ntchitoyi zimabwera chifukwa choiwala mfundo imeneyi.

Mitundu ya majeke

Jeke yopukusa ndi imene imabwera ndi magalimoto ambiri ang'onoang'ono. Imakwera munthu akamazungulitsa chitsulo cha mazinga, ndipo ndi yongosinthira tayala. Jeke ya botolo ndi jeke ya timatayala, yomwe imapezeka m'magalaja, zimayendera oilo. Munthu akamapopa kachitsulo kakang'ono, oiloyo amakankha chitsulo chachikulu ndi mphamvu yochuluka. Mfundoyi inafotokozedwa ndi Blaise Pascal wa ku France m'zaka za m'ma 1600, ndipo Richard Dudgeon wa ku New York analembetsa jeke ya oilo yonyamulika m'manja mu 1851.

Jeke iliyonse imalembedwa kulemera kumene ingathe, monga matani 2 kapena 3. Magalimoto aatali monga Toyota Land Cruiser Prado ndi Mitsubishi Pajero amalemera kuposa matani 2, choncho jeke ya galimoto yaing'ono siyenera. Komanso masipuling'i awo amatambasuka kwambiri, moti thupi la galimoto limakwera ndithu tayala lisanachoke pansi. Jeke yaifupi imathera panjira.

Vuto la mchenga

Jeke imafuna malo olimba ndi osatsetsereka. M'madera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi m'boma la Salima, monga ku Senga Bay, mabwalo a nyumba zambiri ndi amchenga. Phazi la jeke ndi laling'ono, ndiye kulemera konse kukasonkhana pamenepo limatitimira. Nthawi zambiri limalowa mbali imodzi, jeke n'kupendekeka, galimoto n'kugwa. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, nalo dothi looneka louma pamwamba limakhala lofewa kunsi.

Ngati palibe malo a simenti, pansi pa jeke paikidwe thabwa lochindikala ndi lotambalala, lopanda ming'alu. Njerwa zootcha ndi mabuloko a simenti siziyenera, chifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda chizindikiro.

Kakwezedwe kake

1. Zimitsani injini, kokani handibuleki, ndipo ikani giya yoyamba, kapena pa P ngati ndi ya otomatiki. Anthu onse atsike.
2. Tsekerani matayala otsala pansi ndi matabwa kapena miyala yaikulu, kutsogolo ndi kumbuyo kwake. M'magalimoto ambiri handibuleki imangogwira matayala akumbuyo okha, kotero kumbuyo kukakwezedwa galimoto ikhoza kuyenda.
3. Masulani pang'ono manati tayala likadali pansi. Kulimbana ndi nati yolimba galimoto ili m'mwamba kumaigwedeza pa jeke.
4. Ikani jeke pamalo amene buku la galimotoyo lasonyeza. Pa magalimoto a chasisi, malowa amakhala pa chasisipo kapena pa chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo. Musaike pa sampu ya oilo, pa thanki ya mafuta, pa sitepe yokwerera kapena pamalo odyeka ndi dzimbiri.
5. Kwezani pang'onopang'ono mukuyang'ana jeke. Ikayamba kupendama, tsitsani muyambenso.
6. Ngati mulowe pansi, ikani masitandi achitsulo awiri pamalo olimba, nawonso pa matabwa, ndipo tsitsani galimoto ikhale pa iwo. Igwedezeni musanalowe.
7. Tayala limene mwachotsa ligonekeni pansi pa chasisi. Zinthu zikalakwika, galimoto imayamba yagwera pamenepo.

Pobwezera, manati amamangidwa ndi dzanja kaye, kenako n'kulimbitsidwa ndi sipanala galimoto itatsika, modumphadumpha moyang'anizana osati motsatizana. Ndi bwino kuwaonanso mutayenda makilomita pafupifupi 50.

Ngozi zake

Jeke ya oilo imatha kutsika yokha timalabala ta mkati tikatha, nthawi zina osatulutsa phokoso lililonse. Galimoto ikagwera pachifuwa, munthu amalephera kupuma ngakhale kukuwa, ndipo akhoza kumwalira m'mphindi zochepa. N'chifukwa chake sibwino kugwira ntchitoyi uli wekha, ndipo ana ndi ziweto azikhala patali. Wopanikizidwa ndi galimoto atengeredwe kuchipatala msanga ngakhale akuoneka kuti sanavulale, popeza magazi amatha kutayikira mkati. Ntchito zazikulu, monga kutsitsa giyabokosi, ndi zoyenera ku galaja kumene kuli dzenje lokonzeramo magalimoto.