Mawu Akuti "Depreciate": Mlimi Awadziwe

Inu alimi a ku Mulanje ndi kwina konse, pomvera wailesi kapena pofika ku banki pa Boma, kapena mwamvapo mawu a Chingerezi akuti "depreciate". Atchulidwa kuti dipirishiyeti. Tanthauzo lake ndi ili: kutsika mtengo kwa chinthu pang'onopang'ono masiku akamapita.

Taonani njinga. Tsiku loigula m'sitolo iwala, koma ikanyamula nandolo ndi nanazi kupita nazo ku msika zaka zitatu, matayala atha ndipo tcheni chilefuka. Pamenepo Mngelezi ati "The bicycle has depreciated", ndiko kuti njinga yatsika mtengo. Chigayo, wailesi ndi makina osokera nazonso zitero.

Ndalama nayonso imatsika. Akati "The kwacha has depreciated", ndiye kuti kwacha yachepa mphamvu ndipo igula zinthu zochepa. Pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'chaka cha 1971, pepala lalikulu linali la K10. M'chaka cha 2022 kunatuluka pepala la K5,000.

Musasokoneze mawuwa ndi ena akuti "devalue". Awa anenedwa pamene banki yaikulu ya dziko, Reserve Bank of Malawi, itsitsa ndalama mwadala tsiku limodzi. Zinatero m'mwezi wa Novembala 2023, pamene dola imodzi ya ku America inachoka pa ndalama pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Feteleza ndi mafuta zichokera kunja, chotero mitengo yake inakwera.

Tsono chenjerani apa. Munthu angakupatseni pa njinga yanu yakale makwacha ochuluka kuposa amene munagulira. Musafulumire kukondwa. Yambani mwafunsa kuti ndalamazo zigula matumba angati a feteleza lero, ndi kuti zija munapereka zikadagula angati nthawi ija.

Zilipo zinthu zina zimene mtengo wake ukwera, ndipo mawu ake ndi "appreciate". Mbuzi yaikazi yaing'ono ikula niswa ana. Mtengo wa bulugamu ukula chaka ndi chaka.

Chifukwa chake mukagulitsa nandolo musabise ndalama zonse m'chitini pansi pa mphasa. Khalani pansi bambo ndi mayi, mupatule za sukulu ndi za matenda, ndipo zotsalazo mugule mbewu, feteleza kapena chiweto nthawi ikadalipo. Ndalama ya m'chitini siiswa, ingochepa mphamvu mwini wake ali m'tulo.