Kambalame kobwera ndi mvula, koma kosamanga chisa kuno

Kuyambira mu Okutobala ndi Novembala, m'mitengo ya ku Metangula ndi Cóbuè mumaoneka kambalame kotuwa mobiriwirako, kokhala ndi kamzere koyera pamwamba pa diso. Sikakhazikika: kamangodumphadumpha m'masamba kutola tizilombo. Mwana wa legeni akafunsidwa angoti ndi timba basi, monga amatchulira timbalame tambiri totere. M'Chipwitikizi kamatchedwa felosa-musical, ndipo akatswiri amati Phylloscopus trochilus.

Kutalika kwake ndi masentimita 11 kapena 12, kulemera pafupifupi magalamu 10. Chisa chake palibe anachionapo m'boma la Lago, chifukwa sikaswana mu Africa muno. Kamaswana kumpoto kwa Ulaya ndi Asia, kuchokera ku Ireland mpaka kum'mawa kwa Siberia, ndipo chisacho kamamanga pansi, m'maudzu. Kuzizira kukayamba kumeneko tizilombo timasowa, ndiye kamanyamuka kudzakhala kumwera kwa chipululu cha Sahara. Mu Malichi ndi Epulo, chimanga chikucha, kamabwerera.

Mu 2018 ofufuza a ku yunivesite ya Lund, ku Sweden, anafalitsa zimene anapeza atamangirira tizipangizo pa timbalame tochokera kum'mawa kwenikweni kwa Russia. Tinauluka makilomita pafupifupi 13,000 ulendo wobwera wokha, mpaka ku Tanzania ndi ku Mozambique.

Kwa mphunzitsi wa zinenero ziwiri, vuto lagona pa mawu. Buku likati ave migratória, n'kosavuta kungoti "mbalame yosamuka". Koma m'Chinyanja wosamuka amapasula nyumba n'kupitiratu, pamene kambalameka kamapita n'kubwera chaka ndi chaka. Mwana woloweza mawu amenewo angakhoze mayeso atamva zolakwika. Ana a m'mbali mwa nyanja akudziwa kale za asodzi amene amakakhala kudooko lina nyengo ya usipa n'kubwerera kwawo, ndipo kufotokoza kuyambire pamenepo, mawu a Chipwitikizi abwere pambuyo.

Funso loti "kwawo n'kuti?" ndi lokoma kulisiyira kalasi. Ena adzati kwawo n'kumene kanabadwira, ena adzati n'kuno, poti kamadya kuno miyezi isanu kapena kuposerapo. Mkanganowo uchitike m'Chinyanja, mapu a dziko lonse ali pakhoma, ana atalemba kale tsiku limene anakaona koyamba pafupi ndi sukulu.