Wailesi Yathu Imveke Bwino

Kodi wailesi ya kwanu imangoti shiii? Agogo afuna kumva uthenga wa maliro. Atate afuna kumva za mvula asanabzale cimanga. Koma mau sakumveka! Musafulumire kunena kuti wailesi yafa.

Mu Chipata muli masiteshoni a wailesi monga Breeze FM ndi Radio Maria. Mau ocokera kumeneko amayenda m'mwamba ngati mafunde osaoneka. Pa wailesi yanu, masiteshoni a FM amapezeka pakati pa nambala 88 ndi 108.

Mafunde a FM amayenda molunjika. Nanga akakumana ndi phiri? Amafooka. Paja Chipata ndi tauni yozunguliridwa ndi mapiri. N'cifukwa cace nyumba zina za kuseri kwa phiri, kapena za kumidzi yakutali, sizimva bwino.

Kacitsulo katali ka pa wailesi kaja ndi eriyo. Nchito yace ndi kugwira mafunde. Eriyo ya TV ndi yaikulu, ndipo imakhala panja, pamwamba. Eriyo yakale imene inasiyidwa ingathe kuthandiza wailesi.

Pemphani munthu wamkulu kuti acite izi:

1. Amange eriyo ya TV kunsonga ya nsungwi yaitali.
2. Aimike nsungwiyo pafupi ndi nyumba, ilimbe nji!
3. Alowetse waya wa eriyo m'nyumba.
4. Asende kumapeto kwa waya. Pakati pali kawaya kofiira ka kopa.
5. Akulunge kawayako pa kacitsulo ka wailesi.

Tsopano yafika nchito yanu. Khalani pafupi ndi wailesi, cherani khutu. Wamkulu uja azitembenuza nsungwi pang'onopang'ono. Mau akamveka bwino, fuulani kuti, "Basi amalume, pamenepo!"

Cenjerani!

Mwana asakwere pa denga kapena mu mtengo. Eriyo ikhale kutali ndi mawaya a malaiti. Ikawakhudza, munthu angafe. Mvula ya mabingu ikayandikira, uzani akulu acotse waya ku wailesi msanga. Mphenzi imakonda kugwera pa zinthu zazitali. Mabingu akayamba, musagwire wayawo.

Mafunso

1. Kodi nchito ya eriyo ndi yotani?
2. N'ciani cimafooketsa mafunde a FM ku Chipata?
3. Cifukwa ciani eriyo iyenera kukhala kutali ndi mawaya a malaiti?
4. Jambulani nyumba, nsungwi ndi eriyo m'mabuku mwanu.