Nkhumba zolowerera ku Texas: mtolo wa ndalama ausenze ndani?

Patha zaka zoposa khumi chikhazikitsireni boma la America ndondomeko yothana ndi nkhumba zolowerera mu 2014, imene linayamba kuipatsa madola 20 miliyoni pachaka, koma nyamazi zidakalipo pafupifupi 6 miliyoni m'zigawo zosachepera 35, ndipo nkhani imene yakula pakati pa alimi a kumwera kwa dzikolo ndi yakuti mwini malo aliyense angalole kupisa m'thumba mpaka pati. Nkhumbazi si nguluwe za m'nkhalango za ku Africa, koma zinachokera ku nkhumba zoweta zimene anthu a ku Spain anafika nazo m'zaka za m'ma 1500, zomwe pambuyo pake zinaberekana ndi nkhumba zam'tchire za ku Ulaya zimene okonda ulenje anaitanitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900.

Ku Texas, kumene kuli nkhumba zoterezi zoposa 2 miliyoni, pafupifupi maekala 95 pa 100 alionse ali m'manja mwa anthu osati boma, choncho palibe wantchito wa boma amene angatche msampha popanda chilolezo cha mwini malo. Mlimi wina wa chimanga m'chigwa cha mtsinje kum'mawa kwa chigawochi amabzala mvula ya March isanathe, ndipo pasanapite masiku ambiri nkhumba zimalowa usiku, n'kumatsata mzere ndi mphuno kuchokera kumutu kwa munda mpaka kumapeto, zikufukula mbewu imodziimodzi mosalumpha phando. Kukacha, mizere imaoneka yotumbulidwa mowongoka, pamene msipu wa ng'ombe woyandikana ndi mundawo umakhala maenje okhaokha ngati dambo limene anyamata aswera akukumbamo mbewa, moti thalakitala yodula udzu imayenda ikugwedezeka mpaka kuthyola zitsulo. Mlimiyo anagula yekha msampha wa khola, umene ndi mpanda wozungulira wa zitsulo wokhala ndi chitseko chogwa komanso kamera yotumiza zithunzi pafoni. Kwa masiku angapo amathira chimanga cha nyambo chitseko chili chotsegula kuti nkhumba zizolowere, kenako amachezera usiku akuwerenga pafoni zimene zalowa, osatseka kufikira gulu lonse la zazikazi ndi ana awo litakwanira, pakuti nkhumba imene yaona zinzake zikugwidwa siyandikiranso khola ndipo ana ake amatengera kuchenjera komweko. Atapha gulu limenelo mundawo unapuma, koma chimanga chisanamasule ngaiyaye gulu lina linali litawoloka kale mpanda kuchokera kwa mnansi wake.

Mnansiyo salima chimanga. Malo ake ndi thengo limene amabwereketsa kwa alenje a m'tauni, ndipo m'thengomo muli migolo yomwaza chimanga yokopera agwape, chimene nkhumba zimadya nawo n'kumanenepa. Kwa iye nkhumba ndi katundu, chifukwa ku Texas zimasakidwa chaka chonse popanda malire a chiwerengero, kuyambira mu 2011 lamulo limalola mlenje kulipira mpando m'helikopita kuti aziwombera ali m'mwamba, ndipo kuyambira mu 2019 safunikanso chiphaso cha ulenje malinga mwini malo wavomera. Munthu woteroyo akafunsidwa kuti asonkheko ndalama yothetsera nkhumba m'dera lonse amakhala akupemphedwa kulipirira kutha kwa malonda ake.

Mkangano wagona pamenepa. Eni malo obwereketsa amati alenje awo amapha nkhumba zambiri popanda boma kuwonongapo kalikonse, choncho gawo lawo analipereka kale. Akatswiri a zanyama amayankha ndi masamu a kuberekana: nkhumba yaikazi imatha kutenga bere isanakwane chaka, imaswa patatha masiku pafupifupi 115, kawirikawiri ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo imatha kuswa kawiri pachaka, kotero kuti pamafunika kupha nkhumba ziwiri pa zitatu zilizonse chaka ndi chaka kuti chiwerengero chingoima pamodzi. Ulenje wosangalatsa sufika pamenepo, umabalalitsa magulu, ndipo unachititsa anthu ena kunyamula nkhumba zamoyo pagalimoto mobisa n'kukazitaya kumadera kumene kunalibe, kuti nakonso kuyambe malonda. N'chifukwa chake chigawo cha Tennessee mu 2011 chinazichotsa pamndandanda wa nyama zosakidwa, ndipo chigawo cha Missouri mu 2016 chinaletsa kuzisaka m'malo ake osungira zachilengedwe, ngakhale kuti alenje ananyansidwa nazo kwambiri.

Mfundo ya akatswiriyi ikuoneka yolemera kuposa inzakeyo, komabe siyankha dandaulo la mlimi wogula msampha, amene ndalama yake imapindulira aliyense woyandikana naye, wosonkha ndi wosasonkha yemwe. Amene nkhumba zamudyera mbewu safuna kunyengereredwa kuti alipire, koma amafunsa kaye ngati a tsidya lina la mpanda alipiranso, ndiponso ngati ndalamayo ithera kwa otcha misampha kapena m'maofesi. Lamulo la zaulimi la 2018 linayesa kuphatikiza minda yoyandikana kukhala dera limodzi poika madola 75 miliyoni oyeserera kwa zaka zisanu, boma likulipira magawo atatu pa anayi a ntchito yothandiza alimi pamene otsalawo amachokera kwa ogwira nalo ntchito m'deralo, koma ngakhale pamenepo mwini malo wokana ankasiya thengo lake kukhala pobisalira. Oweta nkhumba za m'khola ndiwo ali ndi nkhawa ina, pakuti chigodola cha nkhumba chinapezeka ku Dominican Republic ndi ku Haiti mu 2021, ndipo chitalowa m'nkhumba zolowerera sipangakhale njira yozitsekera m'khola.

Si nkhumba zonse zogwidwa zimene zimafera pamsampha. Ku Texas kuli malo ovomerezeka ogula zamoyo poyesa pasikelo, ndipo zikaphedwa n'kupimidwa, nyama ina imatumizidwa ku Ulaya kumene imagulitsidwa m'malesitilanti monga nyama yam'tchire. Otcha misampha ena amene amagulitsa kumeneko amakonda kusankha zikuluzikulu, popeza tiana sitilemera pasikelo.